Mwini Lole Ndine, Woyendetsa Ndine Ndemwe

Lole ya matani 4 iyenera kunyamula matumba 80 a makilogalamu 50. Masamu ake ngosavuta, ngakhale mwana wa Sitandade 5 angawathe. Koma kuno ku Lobi thumba la mbatatesi silimvera sikelo. Venda amalitsendera, n'kulisokerera chidutswa cha thumba lina kukamwa, n'kuunjikanso mpaka lifike pachifuwa pa munthu wamkulu, ndipo anyamata awiri amalikweza akubuula. Ikafika nthawi yolipira, vendayo amawerenga matumba, pomwe masipuling'i ndi matayala amamva kulemera kwenikweni. Mnyamata aliyense wogula lole n'kumaiyendetsa yekha amayambira pa mkangano umenewu, ndipo mkanganowo suthera pa iye ndi venda ayi. Waukulu umakhala mumtima mwake.

Ine ndinakulira kumbuyo kwa lole ya munthu wina. Ndinayamba ngati wothandizira: kukoka zingwe, kuika mwala kutayala lole ikaima pachitunda, kugona pamwamba pa katundu kumsika kuti akuba asang'ambe lona. Kenaka ndinatenga laisensi, n'kulembedwa udalaivala. Ndalama yogulira yangayanga inachokera m'manja ambiri: zimene ndinkasunga pa malipiro, mbatatesi za kudimba kwa amayi, thandizo la achimwene amene ali ku Joni, ng'ombe zimene amalume anagulitsa, ndi ngongole yotseka pamene panaperewera. Ndi imodzi mwa malole aja amene anagwira kale ntchito ku Japan, n'kutsikira padoko la Dar es Salaam, n'kulowa m'dziko muno kudzera pa Songwe, monga ma Canter, ma Dyna ndi ma Isuzu ambiri amene mumawaona pa M1. Ine ndinaigula kwa munthu wina mu Lilongwe itayendanso kale m'misewu yathu. Kumbuyo kwake ndi pambalambanda: denga palibe, pali timatchinga tam'mbali tatifupi totsitsika, ndi chitsulo chotchinjiriza pokhala dalaivala. Chilichonse chokwera pamenepo chimadalira chingwe ndi manja a amene wamanga.

Dalaivala wolembedwa ntchito ndi mwini galimoto saona msewu mofanana. Dalaivala amaganiza za lero: afike msanga, atsitse, apeze kapambali kogulira ndiwo. Venda akamulonjeza ya sopo kuti awonjezere matumba, tayala likaphulika mawa si iye wokagula lina. Sindikunyoza madalaivala, malipiro awo ndikuwadziwa, ndipo ambiri amasamala galimoto kuposa mmene eni ake amawasamalira iwo. Mwini amaganiza za mwezi wa mawa ndi chaka chamawa. Tsopano anthu awiriwa ndawasenza ndekha. Manja ogwira chiwongolero amafuna liwiro kuti ndikapeze msika usanadzaze. Mutu umene unasaina ngongole umati pang'onopang'ono pa mabampu. Ndaona kuti ntchito yeniyeni ya mwini lole ndi kukana, ndipo woyamba kukanidwa ndi dalaivala amene ali mwa iwe mwini.

Kuti mumvetse chifukwa chake kukanako kumapweteka, muyenera kudziwa kuti lole n'chiyani kwa anthu a kuno. Lobi ndi dera la kumtunda, kuzambwe kwa boma la Dedza, kufupi ndi malire a Mozambique, m'dziko la Inkosi Kachere. Kumazizira, madambo amasunga chinyontho, ndipo nthaka imabereka mbatatesi, nyemba, soya, mtedza, chimanga, kabichi, anyezi ndi matimati. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunabwera achinyamata ongodzipereka a ku Japan, kudzera ku bungwe la JICA, kudzagwira ntchito ndi alangizi komanso alimi pa ulimi wa ndiwo zamasamba ndi zipatso, ndipo alimi anakhazikitsa bungwe lawo la Lobi Horticultural Association. Kulima tinkakudziwa kale, ndipo luso linawonjezeka. Chimene sichinathe ndi mtunda. Chimanga chimadikira m'nkhokwe, koma matimati akapsa sadikira, kabichi akadulidwa sadikira, mbatatesi zikakumbidwa zimayamba kufota. Mlimi wopanda chonyamulira amagulitsa pa mtengo umene wanena munthu wobwera ndi galimoto. Choncho munthu akakuimitsa m'mbali mwa msewu atatsamira matumba ake, sakuchita zocheza. M'matumbamo muli fizi ya mwana ndi feteleza wa chaka chino.

Msewu wathu umadutsa pa Thete kukatulukira pa Linthipe, pamene umakumana ndi M1. Ukakhotera kumanzere walunjika ku Lilongwe, kumanja walowera ku Dedza, Ntcheu mpaka ku Blantyre. Koma katundu samera pamsewu waukulu. Ali kumadimba, kuseri kwa midzi, kumene umafika podutsa tinjira ta ngolo, timilatho ta mitengo ndi madambo amene mu Febuluwale amameza lole mpaka mu ekiselo. Makilomita ochepa amenewo ndiwo amadya galimoto kuposa ulendo wonse wa patala. Wofuna hayala amangoti, "Ndi pompa, achimwene, kuseri kwa tchalitchiko." Ine ndimayamba ndapita pa njinga kukaiona njirayo ndisanatchule mtengo, ndipo ndikaona kuti lole siingatulukemo ili yolemedwa, timagwirizana kuti ngolo za ng'ombe zitulutse katunduyo mpaka pouma.

Kutchula mtengo ndi luso limene munthu saliphunzira pa udalaivala. Ambiri oyamba kumene amawerengera dizilo yekha, n'kuikapo kangachepe pamwamba, n'kumati apindula. Madzulo m'thumba mumakhaladi ndalama, koma ndalama ya m'thumba imanyenga. Pa ulendo uliwonse pali gawo la tayala limene laperepeseka, gawo la oyilo, la zosefera mafuta, la mabuleki, la batire. Pali malipiro a wothandizira ndi a anyamata okweza ndi otsitsa. Pali inshulansi, COF ndi ngongole. Zonsezi sizibwera kudzalonjerera tsiku lomwelo. Zimadikira, n'kudzabwera pamodzi mwezi umene ntchito yasowa. N'chifukwa chake m'kabokosi ka kutsogolo mumakhala kope, ndipo ndikalandira ya hayala ndimayamba ndachotsa ndalama ya lole n'kuiika pa Mpamba, pa foni ina imene sinditenga popita kumsika kapena kumpira. Yotsalayo ndiye yanga, ndipo miyezi ina imachepa kuposa imene ndinkalandira ndili wolembedwa.

Masamu a m'kopemo sakhalitsa. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Posakhalitsa bungwe la MERA linakweza dizilo kuchoka pa K1,920 kufika pa K2,734 pa lita, ndipo mitengo siinaimire pomwepo. Tayala, batire, mbale ya kalachi, zonse zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja, motero kwacha ikagwa, wogulitsa zipangizo amasintha mitengo usiku womwewo. Mlimi amene ndikumunyamulira sakwezeredwa mtengo wa mbatatesi usiku womwewo. Ndikamuuza mtengo watsopano amagwira pakamwa, ndipo ndimamumvetsa, pakuti iyenso feteleza wamukwerera. Onjezanipo nyengo zija za kusowa kwa mafuta, malole akugona pamzere pa malo omwetsera, katundu ali kumunda akuwola. Nthawi ngati imeneyo anyamata a zigubu amakukodola, koma dizilo wa m'chigubu sudziwa chimene amusakaniza nacho, ndipo pampu ya mafuta ikaonongeka, kukonzetsa kwake kumameza phindu la nyengo yonse yokolola. Ngongole nayo siigona: mu Febuluwale 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chake chachikulu kufika pa 26 peresenti, ndiye ganizirani za mabanki wamba, osanena za katapila.

Chimene chimapulumutsa ndi katundu wobwerera naye. Lole yobwerera yopanda kanthu imamwa dizilo, imadya matayala, ndipo palibe woilipira. Ndikatsitsa mbatatesi kapena kabichi kumsika wa Wakawaka m'bandakucha, sindithamangira kumudzi. Ndimaimbira eni magolosale a pa Lobi ndi pa Thete, aphunzitsi amene akumanga nyumba, makomiti a matchalitchi: ndani ali ndi malata, simenti, mchere, shuga kapena feteleza woti atengedwe ku Malangalanga kapena ku Kanengo? Nthawi zina ndimagona mu lole kudikira katundu wa mawa, chifukwa kulumidwa ndi udzudzu usiku umodzi n'kotsika mtengo kuposa kubwerera chimanjamanja. Mu Okutobala ndi Novembala, anthu akamathamangira feteleza mvula isanagwe, wobwerera naye sasowa. Ulendo wa ku Blantyre umamveka wonona potchula mtengo, koma uli ndi zake: chipata cholipirira cha Kalinyeke, chimene chinatsegulidwa mu 2022, ndi cha Chingeni cha mu 2021, popita ndi pobwera, kutentha kwa ku Zalewa kumene kumaphika mbatatesi pansi pa lona ukachedwa kunyamuka, ndiponso kumeneko ulibe okudziwa oti akupatse wobwerera naye. Za zipatazo ine sindidandaula kulipira, malinga ndalamayo izioneka pamsewu, pakuti dzenje limodzi lingathyole sipuling'i imene mtengo wake ungalipire chipata kambirimbiri.

Gawo la ntchitoyi limene ndimalikonda koposa ndi kumanga katundu, ngakhale anthu amaliyesa la wothandizira chabe. Pa lole ya pambalambanda, kayalidwe ka mulu ndiko kamasunga katundu, chingwe chimangothandiza. Zolemera zimakhala pansi, kuyambira kutsogolo kutsamira chitsulo chija, n'kumayala mofanana kumanja ndi kumanzere kuti kulemera kugawanike pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Ukaunjika kumchira, mutu wa lole umapepuka ndipo chiwongolero chimayandama m'manja. Ukaunjika mbali imodzi, pa kona yoyamba udzamva lole ikufuna kugona. Matumba amayalidwa molukana, mzere uwu chamlitali, wapamwamba chopingasa, monga mmisiri amalukira njerwa pakhoma, kukamwa kwa thumba kuloza mkati. Mulu uzinka ucheperachepera pokwera. Madengu a matimati sakhala pansi pa china chilichonse, ndipo sayandikana ndi feteleza kapena zigubu za mafuta.

Kenaka lona. Umayamba kufunditsa kumbuyo n'kumalizira kutsogolo, kuti chakutsogolo chikhale pamwamba pa chinzake. Ukatembenuza, mphepo imalowa pampata n'kufufumitsa lona mpaka kung'amba, mvula n'kutsatira momwemo. Soya kapena fodya akanyowa, mwini wake wataya chaka. Mbatatesi zimafuna mthunzi komanso mpweya, ndiye umazisiyira mipata m'mbali. Malata ndi zitsulo zomangira nyumba zimacheka chingwe pang'onopang'ono iwe osadziwa, motero pamene chingwe chakhudza m'mphepete timaikapo chidutswa cha tayala lakale. Mfundo ikhale yokokeka pomanga ndi yomasuka msanga potsitsa. Mfundo yofuna mpeni ndi ya munthu wosadziwa ntchito. Ndipo ungamange bwanji, matumba amakhazikika lole ikayamba kugwedezeka, zingwe n'kulefuka. Ine ndimaima tisanalowe mu M1, kuzungulira lole, kukoka chingwe chilichonse, kugogoda matayala, kugwira manati kuti ndimve ngati atentha. Eni katundu amang'ung'udza kuti tikuchedwa. Ndimawasiya ang'ung'udze, chifukwa thumba logwa pa M1 usiku limagwera munthu wa panjinga amene sanalakwe kanthu.

Kuyendetsa lole yolemedwa kumtunda kuno kuli ndi malamulo ake. Giya yotsika umailowa usanayambe kutsetsereka, osati uli pakati, ndipo umalola injini ndi buleki ya ekizozi zigwire ntchito. Ukadalira phazi lokha, mabuleki amatentha, amanunkha, kenaka phazi limangomira lole ikupitabe. Alipo amene amachotsa giya potsetsereka kuti apulumutse dizilo. Chimene amapulumutsa n'chochepa, chimene amaika pachiswe ndi miyoyo ya onse oyenda m'munsimo. Mu Juni ndi Julayi chifunga cha m'mawa chimatseka msewu moti ngolo umaiona uli kale pamsana pake, ndipo nthawi yomweyo ndi imene amayi amapita kumsika atasenza madengu m'mphepete mwa tala. Tulo nato n'toopsa kwa mwini woyendetsa yekha, pakuti alibe wosinthana naye, ndipo ngongole imamunong'oneza kuti apitenso ulendo wina. Ndikamva maso kulemera ndimaima pa Kamphata kapena pa Nathenje, n'kugona.

Tsono kukana kuja. Kumayambira pamunda, lole itadzaza, masipuling'i atawongoka, venda ataima ndi matumba ena pambali.

"Achimwene, awa okha asatsale. Ndikuwonjezerani kena kake."

"Bwana wanga, taonani masipuling'iwa. Akagona chonchi ndiye kuti yakwana."

"Anzanu amanyamula kuposa apa."

"Amanyamuladi. Koma ikathyokera panjira, mbatatesi zanu zonse zitandala padzuwa. Otsalawa ndidzawatenga ulendo wina."

Ena amakwiya n'kukatenga lole ina, ndalama n'kumapita ine ndikuiona ndi maso. Pali masiku amene ndimabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba, podziwa kuti wobwereketsa ndalama sadzafunsa za masipuling'i amene ndinasunga. Koma katundu wopitirira muyezo amaononga zambiri: lole imachedwa kuima ukaponda buleki, matayala amatentha, chasisi chimapindika, ndipo msewu umene tonse tikuulirira umakumbika. Sikelo za magalimoto zili m'malo owerengeka, monga ku Balaka, ku Mwanza ndi ku Songwe. Kumidzi kuno kulibe woyeza, woyeza ndi mwini basi. Mavenda amene anakwiya aja ena amabweranso, makamaka amene anagonapo panjira ndi matimati.

Kukana kovuta kuposa apo ndi kukana anthu. Lole ikamachoka pamudzi itadzaza, pamakhala ofuna kukwera pamwamba pa katundu: eni matumba ofuna kukagulitsa okha, ana asukulu, agogo opita kuchipatala. Matola ndi ndalama yachangu, ndipo minibasi ndi njinga zamoto zakwera mtengo. Koma ine ndinakhalapo pamwamba pa mulu pamene ndinali wothandizira. Ndikudziwa mmene munthu amatumphukira lole ikagunda bampu, ndi mmene nthambi kapena waya zimakokera munthu pansi. Wokhala pamwamba alibe chogwira koma chingwe chomwecho chimene chikulefuka. Kutsogolo kuli malo a anthu awiri. Mwini katundu mmodzi amakwera, ndipo pakakhala wodwala kapena mayi woyembekezera, wothandizira wanga amamusiyira mpando n'kutsatira pa njinga yamoto. Ena onse ndimawapepesa. "Mwanawe, wayamba matama chifukwa cha galimoto?" anatero mayi wina amene anandiberekapo kumbuyo ndili khanda. Mawu amenewo anandilasa, ndipo amandilasabe. Koma kuli bwino andinene wamatama kusiyana n'kuti ndikaime pamaso pa ana awo kufotokoza mmene anagwera.

Palinso katundu wa usiku. Chakuzambwe kwathu kuli nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mitsinje ya Lilongwe ndi Diamphwe, ndipo makala ake ali ndi msika wosatha mumzinda. Onyamulitsa makala amalipira bwino kuposa mlimi aliyense, ndipo amadziwa kusankha nthawi: amabwera mu Januwale, lole itangokhala, tsiku la ngongole litayandikira. Boma linafika potumiza asilikali a Malawi Defence Force kukalondera nkhalangoyo mu 2015, ndipo lamulo la zankhalango litakhwimitsidwa mu 2020, makhoti akhala akulanda magalimoto ogwidwa ndi makala opanda chilolezo. Mantha olandidwa lole ndi chifukwa chokwanira, koma ine ndili nacho china. Madimba amene amandipatsa katundu chilimwe chonse amadalira madzi, ndipo madziwo amadalira mitengo ya m'mapiri. Kunyamula makala n'kuumitsa dimba la amayi anga ndi manja anga omwe. Owotcha makala sindiwaweruza, ambiri imawatuma ndi njala. Koma wa panjinga amatenga matumba owerengeka. Phiri limametedwa mpala pamene lole yalowererapo.

Achibale ndiye nkhani ina. Tsiku limene lole inafika pamudzi amayi analuluta, ndipo aliyense ankati "lole yathu". Sananame. Muli ng'ombe za amalume mmenemo, muli thukuta la achimwene a ku Joni. Munthu wothandizidwa kugula sangadzuke n'kunena kuti chibale chathera pa chitseko cha galimoto. Komabe dizilo sadziwa chibale, ndipo ndaona malole a anzanga atakhala pamiyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira pansi pake, osati chifukwa cha ngozi koma chifukwa cha maulendo aulere a njerwa, mchenga ndi zinkhoswe. Ndinapita kwa amalume ndi kope lija, tinakhala pakhonde, n'kuwaonetsa mzere ndi mzere. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Mphwanga, ng'ombe zanga zisathere m'manja mwa anthu opempha. Wachibale azithira mafuta ndi kulipira anyamata; phindu lako lokha ndilo uzimusiyira. Wovuta uzimutumiza kwa ine." Kuyambira pamenepo mawu okana sachokeranso pakamwa panga pokha, ndipo kwathu kuno mawu a mwinimbumba salumphidwa wamba.

Pali ulendo umodzi umene sinditchulira mtengo. Zovuta zikagwa, amfumu akatuma mthenga kuti thupi likatengedwe kuchipatala cha boma ku Dedza kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndimasiya chilichonse chimene ndinakonza tsiku limenelo. Ndimatsuka kumbuyo, kukweza timatchinga, kuyala mphasa. Apa ndiye anthu amakwera kumbuyo, koma atakhala pansi mozungulira bokosi, popanda mulu wa katundu, ndipo ndimayenda pang'onopang'ono moti njinga zamoto zimandipitirira, amayi akuimba nyimbo za maliro njira yonse. Anamfedwa akatha amathira dizilo. Akalephera, mudzi umasonkha. Zikavutitsitsa ndimatapa m'thumba langa, osati la lole. Kope lija lili ndi tsamba la maulendo amenewa, ndipo pa mzere wa phindu sipalembedwa kanthu. Ndimakana zambiri chaka chonse kuti tsiku ngati limeneli lole ipezeke ili ndi matayala ndi mabuleki oti n'kunyamula m'bale wathu mwaulemu.

Za mapepala sindichulutsa gaga. Lole yonga yangayi imafuna laisensi ya C1, chilolezo cha PrDP cha wonyamula katundu, COF yosatha masiku ndi inshulansi, ndipo zambiri mwa izi zimadzera ku nthambi ya Road Traffic. Fodya ali ndi zilolezo zakezake ponyamula, ndipo katundu wochokera kutsidya kwa malire, ku Angonia, ndimafuna ndione mapepala ake ndisanakweze ngakhale thumba limodzi. Kukonzetsa zonsezi kumadya masiku ndi ndalama, koma munthu wa mapepala okwana amaima pa rodibuloko mtima uli m'malo.

Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala kwa lole monganso kwa anthu. Zokolola zatha, zatsopano zili m'munda, njira zaterera. Ndi nthawi imene ndimapita nayo kwa makaniko kukasintha zimene zinkalira chilimwe chonse, ndi ndalama ya pafoni ija. Ndimalowa naye pansi pa lole, kumupatsira masipanala, kufunsa chilichonse, chifukwa usiku pakati pa Thete ndi Linthipe makaniko ndiwe wekha. Anyamata amene amabwera kudzandifunsa ngati nawonso agule lole ndimayamba ndawafunsa: kodi adzakupatsa katundu ndani mu Febuluwale? Injini ikagwa mwezi woyamba, uli ndi pogwira? Ungathe kuwakana azakhali ako? Sindiwaletsa. Ntchitoyi ndimaikonda, ndipo zochepa zimandikoma kuposa kuona pagalasi mulu womangidwa bwino dzuwa likutuluka cha ku Nkhoma. Koma ndimawauza kuti ayambe akwera kumbuyo kwa lole ya wina chaka chathunthu, aone fumbi ndi matope omwe.

Chimene ndikulimbana nacho tsopano ndi cha alimi ang'onoang'ono. Venda amatha kulipira lole yonse, ndiye tonse a malole timathamangira venda. Mayi wa matumba 5 kapena 6 sangathe, motero amagulitsira pamunda pomwepo pa mtengo wongotaya, mbatatesi zake n'kukwera lole yanga yomweyi zili kale za munthu wina. Zimenezi zimandiwawa, pakuti amayi anga ndi mmodzi wa iwo. Ndayamba kulankhula ndi magulu a banki mkhonde ndi makalabu a alimi m'midzi yoyandikana kuti azikumba tsiku limodzi, asonkhanitse matumba pamalo ofikika, aliyense alembe chizindikiro chake ndi penti, asankhe mmodzi wodalirika wokagulitsa, ndipo mtengo wa ulendo agawane. N'zovuta kuposa kunyamulira venda. Wina amachedwa kukumba, wina amabisa timbatatesi tating'ono pansi pa thumba, anzake n'kukwiya. Kumsika nako kuli madobadoba amene salola mlimi kugulitsa yekha mosavuta, ndipo ndalama yanga imabwera akagulitsa, osati ponyamuka.

N'chifukwa chake ndikatsitsa katundu mu Lilongwe ndimayendanso wapansi m'makwalala, kucheza ndi anyamata a chiwaya ndi amayi a malo odyera, kuwafunsa mtundu wa mbatatesi umene amafuna, matumba angati pa sabata, ndi tsiku limene amalipira. Manambala awo ndimawapereka kwa mlembi wa gulu, kuti mtengo azikambirana okha pa foni khasu lisanalowe pansi. Gulu la kumudzi kwa amayi lagwirizana zokumba mbatatesi za kudimba sabata yachiwiri ya Okutobala, ndipo ogula a ku Kawale ndi ku Area 25 ndawauza kale kuti sabata imeneyo asaitanitse kwina.